Nyali Inalibe Mlandu

Pune
Loweruka, 21 Seputembala

Okondedwa achemwali anga Sulabha Tai,

Ndayamba ndi kugwira mapazi anu, ngakhale muli kutali. Muli bwanji kumeneko ku Muscat? Kutentha kuja kwayamba kutsika? Nanga alamu anga a Vinayakrao, bondo lija likuwalola kukwera masitepe tsopano? Advait mumuuze kuti amalume ake akudikirabe kumva za mayeso.

Kuno tili moyo. Amayi shuga watsikako, ngakhale pa chikondwerero cha Ganpati ndinawapeza kawiri kuseri kwa chitseko cha khitchini akutafuna zotsekemera. Mwana wanga Ovi watalika, wafika paphewa pa mayi ake. Mvula ikugwabe, msewu wathu uja wasanduka mtsinje monga chaka chilichonse.

Mudabwa kulandira kalata yolemba pamanja masiku ano a foni. Pa foni sindingathe. Amayi amakhala pampando wawo uja wa pakhomo, ndipo makutu awo amangofa dokotala akamanena za shuga basi. Ndikulemba ndili kuno ku labotale, anzanga aweruka masana. Kalatayi ndipatsira a Kulkarni oyandikana nafe, akukwera ndege mawa m'mawa.

Zaka zonsezi mwakhala mukundifunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji, ine n'kumangoseka kuti simungamve. Unali mwano umenewo, makamaka kwa munthu amene anasiya koleji kuti ine ndipitirize. Lero ndifotokoza, chifukwa popanda zimenezi simumvetsa chimene ndachita.

Timapanga tisingano tating'ono zedi, tosongoka moti tsitsi lanu lingaoneke ngati thunthu la mtengo pambali pake. Timatindandalika tambirimbiri m'mizere, m'botolo lachitsulo lomwe tapopamo mpweya wonse. Tikalumikiza magetsi amphamvu, kunsonga kwa singano iliyonse kumatuluka tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maelekitironi. Timakamenya galasi lopakidwa mankhwala, galasilo n'kumawala timadontho tobiriwira, dontho limodzi pa singano iliyonse. Tikadzadziwa kutilamulira bwino, padzakhala makina ojambulira m'thupi opepuka oti namwino n'kumangirira pa njinga yamoto kupita nawo kumudzi.

Ine singano sindigwira. Yanga ndi masamu. Ndimauza kompyuta mmene singano yasongokera ndi mphamvu ya magetsi, iyo n'kuwerengera kuti patuluka maelekitironi angati ndipo dontho lililonse liwala bwanji. Masamu amenewa ndawamanga zaka khumi ndi chimodzi. Anthu a m'maiko ena amawagwiritsa ntchito, ndipo amawatchula ndi dzina la bambo athu, amati njira ya Phadke. Chimenechi ndicho chinali chuma changa chonse.

Mkazi wanga Ketaki munandipezera ndinu. Mukukumbukira tsiku tinapita kwawo ku Kolhapur, akuphunzitsa sayansi pa sekondale ya atsikana? Pobwerera m'basi munandinong'oneza kuti ameneyu mutu wake ukuposa wako, ukhale bwino. Ndinaseka mpaka kondakitala anatembenuka.

Ovi atayamba sukulu, ndine ndinamukakamiza Ketaki kuti abwerere ku maphunziro. Ndine ndinakamupemphera malo kwa a Pulofesa Karandikar, mkulu wa nthambi yathu. Ndinkanyadira kuuza anzanga kuti mkazi wanga ndamutulutsa m'khitchini ndine. Zinkandikomera kukhala mwamuna wotero.

Anamupatsa ntchito yomwe aliyense ankaithawa, yoyeza kuwala. Chipinda chake n'chopakidwa penti yakuda, makoma, denga, ngakhale chogwirira chitseko. Zenera mulibe. Munthu umakhalamo tsiku lonse ndi kachipangizo koyezera, kuyeza dontho limodzilimodzi. Kuti kachipangizoko kasaname, amakayerekeza ndi nyali yapadera yomwe kuwala kwake kunayezedwa kale ku Delhi. Nyaliyo imakhala m'bokosi lathabwa lokiya. Imaloledwa kuyaka maola makumi asanu okha, ikapyola pamenepo sungaikhulupirirenso, choncho mphindi iliyonse yomwe yayaka imalembedwa m'buku.

Wosunga makiyi ndi bukulo anali a Yusuf Tamboli, mmisiri wathu wa magalasi ndi zitsulo, amene tonse timawaitana kuti Chacha. Anagwira ntchito muno zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Chaka chatha Ketaki anayamba kundiuza kuti madontho a pakati pa mizere akuwala mochepera kusiyana ndi mmene masamu anga akunenera. Kusiyanako kunali kochepa, zisanu ndi ziwiri pa zana lililonse. Ndinamuuza kuti apukute galasi. Anapukuta. Ndinati mwina chitseko chikulowetsa kuwala. Anamata mipata yonse ndi nsalu yakuda. Ndinati maso atopa, akagule mandala. Anayeza mobwerezabwereza miyezi isanu ndi itatu, n'kusintha singano kanayi, koma zisanu ndi ziwirizo osasuntha.

Inasanduka nthabwala ya pakhomo. Mchere ukachepa m'ndiwo ndinkati wachepa ndi zisanu ndi ziwiri pa zana. Iye ankabweza kuti lilime langalo silinayezedwe ku Delhi. Ovi ankaseka mpaka kutsamwa. Masiku amenewo ndinkaseka ndi mtima wonse, chifukwa ndinalibe chikaiko kuti wolakwitsa ndi iye.

Mu Febuluwale kunabwera mlendo wochokera ku Germany, mayi wachikulire, a Pulofesa Hartwig, mmodzi wa akuluakulu a ntchito yathuyi. Ndinakonzekera masabata awiri, ndi malaya omwe ndinagula atsopano. Anamvetsera nkhani yanga ola lathunthu n'kunena kuti ndi ntchito yaudongo. Kenako anati angosuzumira m'chipinda chakuda mphindi zisanu. Anatulukamo patatha maola atatu, chakudya chomwe tinawakonzera chitazizira, atamugwira Ketaki pa mkono. Pamaso pa tonse ananena kuti ayenda m'malabotale ambiri koma sanaonepo munthu woyeza kuwala mosamala chotero. Anawonjezera kuti muyeso wotere ukakangana ndi masamu, ofunika kuwongola ndi masamuwo.

Ndinawomba nawo m'manja, Tai. Koma mumtima munali nsanje.

Pasanathe milungu iwiri kunabwera kalata yomuitana Ketaki kukayankhula ku msonkhano waukulu wa ku Japan mu Julaye, tsiku loyamba, m'holo yaikulu. Ine misonkhano imeneyi ndapitako kasanu ndi kamodzi. Amandipatsa mphindi khumi tsiku lomaliza, anthu atanyamula kale zikwama kupita ku bwalo la ndege.

Nyuzipepala ya kuno inalemba kankhani ndi chithunzi chake. Amayi anakadula, n'kukakutitsa pulasitiki, n'kukapachika pafupi ndi chithunzi cha malemu bambo. Wobweretsa mkaka anaonetsedwa. Azimayi a ku kachisi anaonetsedwa mmodzimmodzi. Mpongozi wanga, mpongozi wanga, tsiku lonse. Wina atafunsa kuti nanga mwana wanuyo amachita chiyani, ndinawamva akuyankha kuti ameneyo amangokhala pa kompyuta.

Inunso, Tai. Munaimba Lamlungu lija, ine n'kuyankha, ndipo musanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji munati ndimupatse kaye foni Ketaki. Ndikudziwa simunaganizepo kanthu. Ine ndinakhala nazo mlungu wonse.

Ku kantini mnzanga Limaye ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati ndayamba kuphunzira kupanga chapati yozungulira, chifukwa madamu akakwera ndege khitchini ndi yanga. Ankatinso ngati akusowa wonyamula zikwama ku Japan ndilembe kalata yofunsira ntchito msanga, malo angathe. Anthu ankaseka, ine n'kumaseka kwambiri kuposa onse. A Karandikar nawo, alendo ena atabwera, anandiloza n'kuti awa ndi amuna awo a Dokotala Ketaki. Munthu amene anandiphunzitsa yekha, amene wandidziwa ndili mnyamata.

Ketaki akanakhala kuti ankadzitukumula, mwina zikanandipepukira. Koma ayi. Ankabwera patebulo langa ndi tiyi n'kumandichonderera kuti ndiyang'anenso masamu aja. Ankati nambala ali nayo koma chifukwa chake sakuchidziwa, ndipo akuchita mantha kukaima pamaso pa anthu mazanamazana ndi nambala yopanda chifukwa. Ankati munthu woti angachipeze ndi ine ndekha. Ndinkamuyankha kuti ndatanganidwa.

Koma kumbali ndinkayang'ana. Ndinkafuna kupeza pomwe walakwitsa.

M'masamu anga ndinkatenga kuti elekitironi iliyonse imatuluka payokha n'kumapita. Zoona zake n'zakuti amene atuluka kale amakankhira m'mbuyo anzawo ofuna kutuluka, monga anthu othithikana pakhomo la sitima ya ku Mumbai. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa zimenezi, kungoti tonse tinkati pa magetsi athu kukankhanako n'kochepa kosati n'kuwerengera. M'mphepete mwa mizere n'zoonadi. Koma pakati, pomwe singano zathinana, sikochepa. Ndinakuwonjezera m'masamu kuti ndingotsimikiza kuti kulibe ntchito.

Kompyuta inawerengera masiku anayi. Lachinayi pa 14 Malichi, ndikuchokera ku tiyi wa m'mawa, ndinapeza yankho likundidikira. Zisanu ndi ziwiri pa zana. Ndendende mmene iye ankanenera.

Kuchoka patebulo langa kufika ku chipinda chakuda ndi mapazi makumi awiri. Ndinanyamuka. Ndinafika mpaka pachitseko, dzanja lili m'mwamba kuti ndigogode. Mkatimo ndinamva akuseka ndi Chacha. Ndiye ndinaganiza kuti ndikangolowa, njira ya Phadke isanduka chinthu chomwe Ketaki anachikonza. Zaka khumi ndi chimodzi zidzatchulidwa m'ndime yoyamba ya pepala lake, pomwe amalembapo zolakwa za anthu akale.

Ndinabwerera. Zonse ndinazibisa pa kompyuta pamalo pomwe ndinalembapo kuti zakale, n'kupita kukamwa tiyi wachiwiri.

Zikanathera pomwepo bwenzi uli mlandu wanga ndi mkazi wanga chabe. Sizinathere pomwepo.

Kumayambiriro kwa Epulo a Karandikar anandiitana ku ofesi yawo n'kutseka chitseko. Anati asanasaine kuti pepala la Ketaki litumizidwe ndiponso kuti apite ku Japan, akufuna kumva kwa ine. Anati tikakanena pamaso pa dziko kuti masamu a nthambi yathu yomwe ngolakwa, kenako n'kupezeka kuti wolakwa ndi muyeso, manyazi ake atikwanira tonse. Anati iwe ukumudziwa kuposa wina aliyense, kodi miyeso imeneyi ungaiikire kumbuyo?

Sindinanene bodza lalikulu, Tai. Ndinatamanda Ketaki kwambiri. Kenako ndinangoti kachikaiko kanga kali pa nyali ija. Ndinati Chacha akalamba, ndipo tsiku lina ndinawaona atayatsa nyaliyo buku lili chitsekere. N'zoona ndinawaona. Koma ndinawaonanso akulemba nthawi pa kapepala ka m'thumba mwawo, n'kukopera m'bukumo atatha. Mbali imeneyo ndinaimeza.

Ndinkaganiza kuti angochedwetsa pepala milungu iwiri kapena itatu, anthu aiwaleko pang'ono. Sizinatero. A Karandikar analamula kuti nyali ipite ku Delhi ikayezedwenso, ndipo kumeneko mzere wake ndi wa miyezi inayi. Pepala linaimitsidwa. Ulendo unalephereka. Chacha anawalanda makiyi pakhonde, ana asukulu akuona, n'kuwatumiza ku chipinda chosungira katundu kukawerenga mabawuti.

Ketaki sanauzidwe kuti chikaikocho chachokera kwa ndani. Anangomva kuti buku la nyali silodalirika. Munthu uja simunamumvepo akukweza mawu, koma tsiku limenelo anawakalipira Chacha pakhonde lomwelo. Anawafunsa ngati zaka zake zitatu za mumdima zinali masewera kwa iwo. Chacha anangoyankha kuti bukulo ndi loona, mwana wanga, n'kuwerama.

Titafika kunyumba madzulo Ketaki anagoneka mutu pa miyendo yanga n'kulira. Anati mwina ndinkanena zoona kuyambira pachiyambi. Anandithokoza kuti sindikumuseka.

Ndinamusisita mutu. Ndipo apa ndi pomwe ndikuchita manyazi kwambiri kulemba: mtima wanga unapepuka. Milungu yotsatirayo ndinali mwamuna wabwino kuposa onse mu Pune. Ndinkamugulira maluwa a m'tsitsi pobwera ku ntchito. Ndinkamutenga pa njinga yamoto kukadya misal kumalo kuja amakukonda. Ovi ndinkakamusiya kusukulu ndine. Amayi ankauza anzawo kuti mwana wawo ndi munthu wamtima, mkazi wake akagwa amamudzutsa. Ndinamukonda kwambiri masiku amenewo, atagwa.

Julaye anafika, msonkhano unachitika iye kulibe. Tsiku lachiwiri la msonkhanowo gulu lina la ku Korea linalengeza kuti lapeza kuchepa kwa kuwala pakati pa mizere ya singano, ndipo linafotokoza ndi chifukwa chake, chomwe chija ine ndinabisa. Ketaki anaziwerenga pa foni tikudya chakudya cha m'mawa. Anaika foniyo chafufumimba patebulo, n'kupita kukamaliza kulongedza chakudya cha Ovi. 

Kumapeto kwa mwezi womwewo Chacha anapempha kupuma pa ntchito, kutatsala zaka ziwiri. Pa mwambo wotsanzikana anasankha ine kuti ndiyankhule, poti ndine ndagwira nawo nthawi yaitali. Ndinayankhula bwino moti ena anapukuta misozi. Ndine ndinawafunditsa nsalu ya ulemu pamapewa n'kuwapatsa kokonati m'manja. Anandiyang'ana osaphethira, n'kuthokoza.

Nyali inabwera pa 20 Ogasiti. Inalibe vuto lililonse. Kuwala kwake kunali pafupifupi chimodzimodzi ndi tsiku lomwe inachoka ku Delhi koyamba, monga ziyenera kukhalira pa nyali yomwe yayaka maola makumi anayi ndi limodzi. M'buku la Chacha munalembedwa maola makumi anayi ndi limodzi.

Tsiku lomwelo Ketaki anagula bokosi la zotsekemera n'kupita kwa Chacha kukapepesa. Mawa lake anapita kwa a Karandikar kukafunsa kuti ananena za bukulo ndani. Iwo anadabwa. Anati ankayesa kuti tinakambirana kale kunyumba.

Ketaki anabwera ku ofesi yanga dzuwa lili paliwombo, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Ndinali nditakonza kale mawu a za nyali, kuti ndinkangofuna kumuteteza ku manyazi. Sanandipatse mpata.

Anati, "Za nyalizo ndamva kale, usavutike. Ndikufunsa china. Nthabwala ya zisanu ndi ziwiri ija unaisiya pakati pa Malichi. Iwe susiya nthabwala pokhapokha itakuluma. Unapeza chiyani mu Malichi, Mandar?"

Ndinatsegula kompyuta n'kumuonetsa. Anakhala pampando wanga, ine chiimire ngati mwana wa sukulu. Anawerenga theka la ola. Anayang'ana tsiku lomwe linalembedwa pamwamba, n'kuwerenganso tsamba lomaliza. Ndinkadikira kuti alire kapena andigende ndi kapu ya tiyi.

Anati, "Awa ndi masamu okongola kuposa onse amene munalembapo. Tikanatumiza mu Epulo, maina awiri pa pepala limodzi, a ku Korea akanabwera m'mbuyo mwathu. Ine chimene ndinkafuna n'chimenecho basi."

Mwamva, Tai? Munalembapo. Zaka khumi ndi zitatu takhala tikuitanana kuti iwe, Amayi n'kumadandaula kuti mpongozi wa masiku ano alibe ulemu. Kuyambira ola limenelo ndine inu. Tiyi wanu uyu. Malaya anu ndasita. Mubwera nthawi yanji. Pa Ganpati tinaima limodzi kutsogolo kwa alendo tikuzunguza nyali ya mapemphero, mapewa atagundana, ndipo palibe anaona kanthu. Amayi anachita kundiitanira pambali n'kundiuza mokondwa kuti tsopano Ketaki waphunzira kulemekeza mwamuna.

Lamlungu lapitali ndinapita kwa Chacha. Amakhala kuseri kwa msika wakale, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ndinawapeza pakhonde akupangira zidzukulu timbalame tagalasi. Anandilandira, akazi awo anabweretsa tiyi ndi mabisiketi. Ndinawauza zonse, ndi za kapepala ka m'thumba zomwe.

Sanadabwe. Anati tsiku la kapepala lija m'chipindamo tinalimo awiri, ndiye sanafunike kuganiza nthawi yaitali. Anandikumbutsa kuti botolo langa loyamba lagalasi anandipangira ndi iwo ndili wopanda ndevu, ndipo ndinaliswa katatu, iwo osakanena kwa aliyense. Ndinawapempha kuti andikhululukire, ndipo ndinati ndikawapemphera kuti abwerere ku ntchito.

Anati, "Ntchito ayi, bwana Mandar, maso atopa. Tiyiyo imwani, azizira. Koma makiyi anandilanda pakhonde, ana akuona. Kupepesa kwa pano akumva ndi akazi angawa, amene sanandikaikirepo. Mukanene komwe anandilandira."

Lolemba kuli msonkhano wa nthambi yonse, aphunzitsi, amisiri ndi ana asukulu. Ndapempha mphindi zisanu. A Karandikar ndawauza kale chimene ndikanene. Anati nkhaniyi ipita ku komiti, ndipo gulu la masamu mwina sindipitiriza kulitsogolera. Limaye adzakhala pamzere wachiwiri monga mwa nthawi zonse. Mawu ndalemba kanayi, kanayi konse n'kung'amba, chifukwa nthawi iliyonse ndimapeza kuti ndalowetsamo kachiganizo kondikometsera.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani.

A Pulofesa Hartwig atamva kuti nyali inalibe vuto, analembera Ketaki kumuitana kuti akagwire nawo ntchito ku Germany zaka ziwiri. Wavomera. Sanandifunse, anangondiuza monga munthu amanenera kuti mawa madzi atseka. Anyamuka chikondwerero cha Diwali chikangotha, ndipo Ovi apita naye. Sukulu amupezera kale.

Amayi akungodziwa za ulendowo basi, ndipo akwiya. Akuti kutchuka kwamulowa m'mutu, akusiya mwamuna wabwino amene anamusamala pa mavuto. Chithunzi cha m'nyuzipepala chija achichotsa pakhoma. Dzana anamunena pamaso pa mwana kuti mkazi wotere akamapita asatenge mdzukulu wawo. Ketaki akanatha kunena mawu atatu okha n'kudziyeretsa, koma anangotola mbale n'kupita kukatsuka. Ine ndinali pomwepo, ndikudya. Ndinatsegula pakamwa n'kuikamo chakudya.

Amayi akuti akuimbirani mawa kapena mkuja. Akuti Ketaki munamubweretsa ndinu m'nyumba muno, ndipo ndinu nokha amene amakumverani. N'zoona, amakumverani. Mukamuuza kuti banja ndi lofunika kuposa ntchito, kuti Amayi akalamba, kuti mwana afunika bambo ake, ndikumudziwa, akhoza kumasula zikwama.

Musamuletse, Tai. Ndakupemphani zinthu zambiri m'moyo uno, zina simunayenere kundipatsa. Ichi chokha ndichitireni. Amayi akaimba muwamvetsere, koma musalonjeze kanthu. Lolemba ndikachoka ku msonkhano ndiwauza ndekha zonse. Ndayesapo kawiri mawu osatuluka, koma ndikakhala kuti ndanena kale pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi, mwina pamaso pa mayi mmodzi ndidzatha. Lachiwiri m'mawa muwaimbire. Adzafuna munthu woti alire naye, ndipo sadzafuna kundiona ine.

Mwina mukuganiza kuti poti ndalemba zonsezi ndiye kuti ndachira. Ndikanakonda. Ketaki walembanso pepala lija. Ngakhale a ku Korea anatitsogolera, miyeso yake ndi yosamalika kuposa yawo, ndiye litulukabe. Anandiuza kuti masamu anga alowamo chifukwa ndi oona, ndipo dzina langa likhalapo chifukwa ntchitoyo ndinagwira. Dzulo analisiya patebulo langa kuti ndione ngati muli zolakwika. Pamwamba pali maina atatu. Loyamba ndi lake. Lachiwiri ndi la a Yusuf Tamboli. Langa ndi lachitatu.

Ndikudziwa kuti ngakhale malo achitatuwo sindikuwayenera. Komabe ndinakhala ndikuyang'ana mainawo mpaka tiyi anazizira, ndipo nsanje ya mu Febuluwale ija inabweranso. Nsanje pa nkhalamba yomwe ndinaichotsetsa ntchito. Masamba enawo ndinawerenga bwino, ndinakonza ndi manambala awiri, koma maso ankangobwerera pamwamba. Ndiye mukuona chifukwa chake ayenera kupita. Akakhala pano, chaka chamawa adzapezanso chinthu china m'chipinda chakuda chija, ndipo sindingalumbire kuti ndidzagogoda pachitseko.

M'mawa uno akumanga nsapato za Ovi ndinamufunsa ngati zaka ziwirizo zikatha adzabwerera. Anamaliza kaye kumanga, n'kumutuma mwanayo kukatenga chikwama.

Anati, "Sindikudziwa. Ndipo sindikuuzani chinthu chomwe sindikuchidziwa kuti mungomva bwino."

Inunso musandiuze chotero. Akadzakuuzani zakukhosi kwake, zisungeni. Mungomuimbira ngati mng'ono wanu, mumufunse ngati ali ndi zovala za kuzizira, chifukwa kumeneko akuti Novembala ndi woopsa ndipo iye ali ndi juzi imodzi yokha. Ine ndikamufunsa amangoti zikomo.

Ngati mungathe kubwera pa Diwali, bwerani. Ovi amakufunsani. Ndipo ku bwalo la ndege ndingakonde kuti pakhale munthu mmodzi wa kwathu amene Ketaki angamukumbatire ndi mtima wonse.

Mundiperekere ulemu kwa alamu. Kalatayi mukhoza kuwaonetsa, sindikubisanso. Advait ndamudalitsa, alimbikire. Mulungu akusungeni ndi moyo wautali, ndipo Lolemba cha m'ma leveni koloko mundikumbukire, kuti ndikaimirira ndisakhalenso pansi ndisanamalize.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Mandar